Ekizozi simangidwa ndi waya

Sabata yatha tidasiyana pa nkhani ya tcheni, ndipo ndidalonjeza kuti lero tikamba za mabuleki. Mundikhululukire awerengi, mabulekiwo ayambe adikira. Pachitika kanthu m'banja mwathu kamene kandisowetsa mtendere, ndipo ndikudziwa kuti pa siteji iliyonse ya kabaza m'dziko muno pali njinga imodzi kapena ziwiri zimene zikudikira tsoka lomweli.

Ndili ndi mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amene amachita kabaza wa njinga yamoto pa Mponela. Ndi mnyamata wolimbikira, samwa, ndipo atatha chaka ndi miyezi akupereka ndalama kwa bwana wake tsiku ndi tsiku, njinga idasanduka yakeyake. Mukudziwa mmene mtima umachitira chinthu chikakhala chako. Adayamba kuikongoletsa: timagetsi tabuluu kunsi kwa thanki, mpando wovekedwa chikopa chofiira, keriyala yotalikitsa, kenako ekizozi. Adapita ku Lilongwe n'kukabwerako ndi sayilensa yaifupi, yonenepa, yonyezimira, yoloza m'mwamba ngati ya njinga za mpikisano. Adadula yakale n'kulowetsa yatsopanoyo pa paipi yochokera ku injini.

Vuto lidali limodzi. Bowo la pa sayilensa yatsopano silidakumane ndi bowo la pa fulemu pomwe pankamangidwa yakale. Padatsala mpata wa zala zinayi. Masiku oyamba adamanga ndi waya. Anzake atamuseka, adapita kwa wowotcherera wina wa m'mbali mwa msewu, amene adatola kachitsulo kotsala pa fulemu ya windo, n'kukamata uku ku sayilensa uku ku fulemu ya njinga, n'kuthirapo madzi kuti kazizire msanga. Ntchito yonse idatenga mphindi 10. Mphwanga adachoka akumwetulira, njinga ikubangula.

Patatha sabata zitatu adanyamula mayi wina kuchokera kumudzi, mwana ali kumbuyo, dengu la tomato lili pa keriyala. Msewu wake wafumbi, wa mabampu okhaokha. Ali pakati pa ulendo kachitsulo kaja kadathyoka. Sayilensa idapendekera kunja n'kukagona pakatumba pa mayiyo. Mayi adakuwa n'kudzigwedeza, njinga idayamba kudzandira, koma mwa chisomo cha Mulungu mnyamatayo adaimitsa asadagwe. Mwana sadavulale. Mayi adapsa, khungu lidasupuka malo aakulu ngati chikhatho cha mwana. Tomato adamwazika mumsewu. Ndipo poti kulemera konse kwa ekizozi kudatsalira kutsogolo, sitadi imodzi mwa ziwiri zimene zimagwira paipi ku mutu wa injini idathyokera mkati.

Madzulo ake adandiimbira foni. "Amalume, njinga yandichititsa manyazi." Ndidamuyankha kuti: "Njinga ilibe mlandu iwe. Uyambe waonetsetsa kuti mayiwo alandira chithandizo kuchipatala, ukatero uikweze pa lole ubwere nayo kuno." Adalipira mankhwala, adalipira tomato, njinga idakhala masiku 5 osagwira ntchito. Chimene chidamupweteka koposa n'choti amayi a pamsika, amene kale ankamuitana ndi dzina, adayamba kumulambalala n'kumakwera njinga za anzake. Mbiri ya kabaza imayenda msanga kuposa njinga yake.

Tsono tiyeni tione chimene chidathyola kachitsulo kaja. Ambiri akaona bulaketi yathyoka amati chitsulo chidali chofewa, choncho amakafuna chokhuthala n'kuwotcherera mwamphamvu kuposa kale. Kawirikawiri kutero kumangosamutsa vuto. Bulaketi ikhala, koma sayilensa ing'ambika pomwe padawotchereredwa, apo ayi masitadi a ku injini ndiwo athyoke. Ekizozi ili ndi adani atatu, ndipo chogwirira chabwino chiyenera kuthana nawo onse.

Mdani woyamba ndi kunjenjemera. Njinga zimene timachitira kabaza, kaya ndi Boxer kaya Lifo, zili ndi silinda imodzi. Injini yotere ikamazungulira ka 6 000 pa mphindi, ndiye kuti pa sekondi imodzi yazungulira ka 100 ndipo mafuta aphulika ka 50. Pa ola limodzi yazungulira ka 360 000, ndipo kuzungulira kulikonse kumagwedeza ekizozi. Kumbukirani mmene tinkadulira waya tili ana popanga galimoto zoseweretsa. Pulayala tidalibe. Tinkangomupinda uku ndi uku mpaka atatentha n'kuduka yekha. Bulaketi youma gwa imapindidwa chimodzimodzi, pang'ono kwambiri moti maso saona, koma kambirimbiri. Mng'alu umayambira pamalo ofooka, monga pakona yakuthwa, pomwe sowo idalumapo, kapena m'mphepete mwa pomwe adawotcherera, n'kumakula tsiku ndi tsiku mpaka bampu limodzi lidzatsirize ntchito.

Mdani wachiwiri ndi kutentha. Chitsulo chikatentha chimatalika. Chitsulo wamba cha mita imodzi chikatentha ndi madigiri 100 chimaonjezera pafupifupi milimita 1.2, ndipo chitsulo chosachita dzimbiri chija chimaonjezera kuposa pamenepo. Pafupi ndi injini paipi ya ekizozi imatentha madigiri mazanamazana, n'chifukwa chake imasanduka yabuluu. Choncho ekizozi yonse imatha kutalika ndi mamilimita awiri kapena atatu njinga ikatentha, n'kubwerera ikazizira, pamene fulemu siisintha kwenikweni. Mukaimata kutsogolo ndi kumbuyo popanda poti ipumire, mphamvu imeneyo iyenera kupita penapake. Imakankha bulaketi m'mawa, n'kuikoka madzulo, tsiku lililonse.

Mdani wachitatu ndi kulemera kokhala patali. Sayilensa ya makilogalamu awiri kapena atatu siimveka kulemera m'manja. Koma gwirani khasu kunsonga kwa mpini, mulitambasule kutsogolo, kenako mudumphe. Mumva m'dzanja mmene kanthu kopepuka kamalemerera kakakhala patali. Sayilensa imakhala kumapeto kwa paipi yaitali, ndipo tayala likagwa m'dzenje kulemera kwake kumachuluka kangapo. Bulaketi ikalephera, zonsezo zimagwera masitadi awiri aang'ono, a mamilimita 6 kapena 8, olowa mu aluminiyamu wa mutu wa injini. Masitadiwo ntchito yawo ndi kupana gasiketi kuti utsi usatuluke. Sadapangidwire kusenza ekizozi yonse.

Njinga itafika tidapita nayo ku Biwi, kwa mmisiri wina wachikulire amene ndidagwira naye ntchito zaka zammbuyomu. Adatola zidutswa ziwiri za kachitsulo kothyokako n'kumuonetsa mphwanga. Mbali yaikulu ya pothyokapo idali yakuda ndi yadzimbiri, kambali kakang'ono kokha ndiko kadali koyera. "Waona mwana wanga? Apa pakudapa padang'aluka kalekale. Mayi uja adangokwera tsiku lomwe padatsala poyerapa." Mnyamata adangoti kukamwa yasa.

Tisadayatse makina owotcherera tidachita zinthu zimene ambiri amazidumpha. Tidachotsa thanki ya petulo n'kukaiika kutali. Tidamasula batire ndi kuzula waya wa CDI, chifukwa moto wa makina owotcherera umatha kupsereza kabokosi kameneka. Chopanira cha efi tidachipana pafupi penipeni ndi powotcherera. Mukachipana ku tayala kapena ku sipoketi, magetsi amadutsa m'mabering'i n'kuwasiya ndi timabala, ndipo mumadzadabwa patsogolo kuti avuta bwanji msanga.

Sitadi yothyoka ija idatsala ndi kachitsa kakang'ono kunja. Mmisiri adaikapo nati n'kuiwotcherera mkati kuti igwirane ndi kachitsako. Chitsulo chowotcherera sichimata pa aluminiyamu, ndipo kutentha kwake kumamasula dzimbiri. Titadikira kuti pazizire, adapotokola pang'onopang'ono, kutsogolo ndi kumbuyo, mpaka sitadi idatuluka yonse. Akadathamangira kuboola ndi dirilo n'kuphonya pakati, mazinga a mu aluminiyamu akadaonongeka, ndipo nkhani ikadakhala yochotsa mutu wonse wa injini.

Kenako tidafunsana kuti ekizozi igwirire pati. Lamulo lake ndi losavuta: igwirire pa chinthu chimene sichisuntha poyerekeza ndi injini. Ndaonapo ekizozi zomangidwa ku bawuti ya m'munsi ya shokapu, zina ku mkono uja umene umagwira tayala la kumbuyo. Zigawo zimenezi zimakwera ndi kutsika pa bampu lililonse, ndiye kuti mwapatsa tayala ntchito yothyola ekizozi yanu. Malo abwino ndi pomwe kampani idamangapo yakale, kawirikawiri pafupi ndi sitepe ya wokwera kumbuyo. Pamenepo pali kale bowo ndi chitsulo cholimbitsidwa. Kuboola kapena kuwotcherera pa mapaipi akuluakulu a fulemu kupewedwe, chifukwa mng'alu ukayambira pamenepo chothyoka ndi njinga yeniyeniyo.

Tidamangirira ekizozi ku injini ndi manati osalimbitsa, n'kuika njerwa ndi kathabwa kunsi kwa sayilensa kuti ikhale pomwe tikufuna. Apa mphwanga adakhala pampando, ine kumbuyo kwake, mnyamata wa pagalaja n'kukankhira keriyala pansi kuti mashokapu afike pomwe amafika njinga ikasenza thumba la chimanga. Tidayang'ana mpata pakati pa sayilensa ndi tayala, shokapu, nati ya ekiselo, ndodo ya buleki ndi chidendene cha wokwera. Paliponse tidafuna mpata wosachepera zala ziwiri. Tidapondanso buleki mpaka pansi ndi kutsitsa kiki mpaka kumapeto. Zidapezeka kuti momwe mphwanga adaikwezera poyamba, sayilensa inkadutsa pafupi kwambiri ndi mwendo wa wokwera. Tidaitsitsa ndi kuilowetsa mkati pang'ono. Iye adadandaula kuti maonekedwe aja athawa. Mmisiri adangomuyang'ana, osayankha, ndipo dandaulo lidathera pomwepo.

Tisadadule chitsulo tidadula katoni. Katoni ya sopo siidula ndalama, ndipo mutha kulakwitsa kasanu osataya kanthu. Tidaijambula, kuidula ndi sizasi, kuiyesa, kuikonza, mpaka mabowo onse adakumana. Mpata utakhala wautali chotere, kachitsulo kamodzi koongoka kokhala ndi bawuti imodzi uku ndi imodzi uku kamasanduka ngati hinji ya chitseko, ndipo sayilensa imavina. Choncho tidajambula bulaketi ya makona atatu: mabowo awiri ku fulemu, pogwiritsa ntchito mabawuti a sitepe, ndi bowo limodzi ku sayilensa. Amisiri a madenga amadziwa chifukwa chimene amakhomera mitengo m'makona atatu. Nzeru yake ndi yomweyo.

Chitsulo tidasankha chafulati wamba, chokhuthala mamilimita 3. Zitsulo za m'sipuling'i ya galimoto ndi nsimbi za konkire zimaoneka zolimba, koma zikawotchereredwa zimauma n'kumathyoka ngati galasi. Paipi ya madzi yokutidwa ndi zinki nayo ndi yoipa mwa njira ina: utsi wake woyera umadwalitsa wowotcherera, amamva ngati malungo usiku wake. Bulaketiyo tidaiika choimirira, kuti kulemera kuzigwera m'mphepete mwake. Thabwa logona chafulati limapindika mwana akapondapo, koma loimika cham'mbali limasenza munthu wamkulu. Makona onse tidawazunguliza ndi tupa. Bowo lililonse tidalisiyira nyama yokwanira: pa bawuti ya mamilimita 8, kuchokera pakati pa bowo kufika m'mphepete tidasiya mamilimita 16. Pomwe pankafunika kupinda tidapindira pa kapaipi kuti pakhale pozungulira. Chizolowezi choyamba chacheka ndi sowo kuti chitsulo chipindike msanga ndiko kubzala mng'alu ndi manja ako.

Ku sayilensa sitidawotcherere chilichonse. Khungu la sayilensa ndi lopyapyala, milimita imodzi kapena kupitirira pang'ono, ndipo ndodo ya 2.5 imene amisiri athu amaigwiritsa ntchito pa mageti imaliboola kapena kulisiya lofooka. Kachitsulo kokhuthala kakamatidwa pa lata lopyapyala, latalo limang'ambika mozungulira ngati chivindikiro cha chitini. Tidapanga lamba wachitsulo, wa mamilimita 25 m'lifupi, wozungulira sayilensa yonse n'kukumana pa bawuti imodzi. Lamba amagawa kulemera pamalo aakulu. Poti akhale tidapapeza poika sayilensa pa mpini wa hamala n'kuisuntha mpaka idakhazikika yosapendekera mbali. Ngati sayilensa yanu siilola lamba ndipo mukuyenera kuwotcherera, yambani mwaika chigamba cha lata chachikulupo, cha makona ozungulira, chomatidwa ndi moto wochepa m'timadontho, ndipo kachitsulo kogwirira kamatidwe pa chigambacho.

Tsopano labala, amene ndiye mtima wa ntchito yonseyi. Pitani mukaone pansi pa galimoto iliyonse, mupeza ekizozi ikulendewera pa malabala. Pakati pa lamba ndi bulaketi tidaika labala wodula m'mbali mwa tayala lakale la galimoto, mbali ija yokhala ndi ulusi mkati koma yopanda waya. Mabushi a shokapu nawonso amagwira ntchito. Chubu n'chopyapyala kwambiri ndipo chimafumbutuka msanga. Makutu a lamba tidawatalikitsa pang'ono kuti labala atalikirane ndi moto wa sayilensa. Bowo la pa bulaketi tidalikulitsa ndi kulitalikitsa motsata kumene paipi ikulowera, kuti ekizozi ikatalika ndi kutentha ipeze kolowera.

Pali kanthu kamodzi kamene ambiri sakadziwa. Mukangopana labala ndi bawuti, mumakhala ndi zisankho ziwiri zoipa: mukalimbitsa labala aphwanyika, mukapanda kulimbitsa nati imasuka. Yankho ndi kapaipi kakafupi kolowa bawuti mkati mwake, kodutsa pakati pa labala. Kapaipiko kakhale kafupi ndi milimita imodzi poyerekeza ndi kukhuthala kwa malabala ndi bulaketi pamodzi. Mukamanga, bawuti imalimba pa kapaipi, labala amangofinyika pang'ono, ndipo chitsulo cha bulaketi sichikhudzana ndi cha bawuti. Mbali zonse ziwiri muike mawashala aakulu kuposa bowo, kuti tsiku limene labala adzatha sayilensa idzangogwedera ndi kulira, osagwa.

Mabawuti tidagula atsopano pa Malangalanga. Yang'anani pamutu pa bawuti: ikhale yolembedwa 8.8. Yopanda chilembo chilichonse ndi ya mipando ndi mageti. Manati aja okhala ndi pulasitiki mkati ndi abwino pamalo ozizira monga ku sitepe, koma pafupi ndi ekizozi pulasitikiyo amafewa n'kusiya kugwira. Pamalo otentha ikani manati awiri opanana, kapena nati yodzitsekera yachitsulo chokhachokha.

Pa bulaketi padali powotcherera pamodzi pokha, kachitsulo kolimbitsira pakona, ndipo tidakawotcherera patebulo, kutali ndi njinga. Mmisiri adapala utoto ndi dzimbiri mpaka chitsulo chidayera, adamata timadontho, tidakayesa panjinga, kenako adatsiriza. Mnyamata wa pagalaja atabwera ndi chitini cha madzi, adamubweza. "Chisiye chizizire chokha. Madziwo ndi amene adapha chinzake." Pa chitsulo chosadziwika mtundu wake, monga zotola zimene timagwiritsa ntchito, kuziziritsa ndi madzi kumaumitsa m'mbali mwa powotcherera, pamalo pomwe kunjenjemera kumafuna kuyambira. Atagogoda makoko tidayang'ana ngati moto udakumba kangalande m'mphepete. Kangalande kotere kayenera kudzazidwa kapena kusalazidwa. Titatero tidapaka utoto kuti dzimbiri lisalowe nyengo ya mvula.

Kumanga nako kuli ndi dongosolo. Tidaika gasiketi yatsopano ku mutu wa injini, chifukwa yakale ikaphwanyika kamodzi siitsekanso bwino. Mabawuti onse tidayamba tawalowetsa ndi zala. Apa mpomwe pamaonekera ngati ntchito yalondola: bawuti ya kumbuyo iyenera kulowa yokha, popanda wina kukoka sayilensa kapena kuikankha ndi chitsulo. Mukaikakamiza, mwaimanga ili yopindika kale, ndipo idzathyoka ngakhale bulaketi ikongole bwanji. Tidayamba kulimbitsa manati a ku injini mosinthanasinthana, pang'ono uku pang'ono uku, kenako cholumikizira paipi ndi sayilensa, n'kutsirizira kumbuyo. Manati a ku injini safuna kuonjezera paipi ku sipanala. Dzanja lokha likwana.

Chomaliza chidali chotchinga kutentha. Sayilensa ya ku fakitale imabwera ndi kalata kotchinga mwendo, koma zokongoletsazi zambiri zimabwera zamaliseche. Tidadula lata, kuliboola mabowo, kulipinda motsata sayilensa, kupinda m'mphepete kuti lisacheke munthu, n'kulimanga pa timalamba tiwiri ndi mpata wa sentimita imodzi kuti mphepo izidutsa pakati. Ambiri mwa okwera athu ndi amayi ovala zitenje ndi ana asukulu ovala makabudula. Miyendo yawo ilibe jinzi yoitchinjiriza.

Titaliza injini tidayendetsa dzanja pafupi ndi molumikizira, osakhudza, kumva ngati mpweya ukutuluka. Mphwanga adazungulira mpaka njinga idatentha, tidaidikira izizire, n'kubwerezanso manati onse. Ndidamuuza kuti abwerezenso pakatha sabata. Ndidamuuzanso kuti m'mawa uliwonse, injini isadalire, azimenya sayilensa ndi chibakera pang'ono. Yomangika bwino imayankha ndi mawu ogonthera. Ikalira ngati chitini, china chamasuka. Mwaye wakuda pa molumikizira ndi chizindikiro choti utsi ukuthawa. Kamzere ka fumbi lofiira ngati dzimbiri pafupi ndi powotcherera kapena pabowo ndi mng'alu umene wayamba, ndipo tsiku lomwelo njinga isanyamule munthu.

Ndikudziwa chimene ena mwa inu mukunena. "Akulu inu, ntchito ya theka la tsiku pa kachitsulo kamodzi? Ife tikapanda kuyenda, kunyumba adya chiyani?" Funso limeneli ndi loona ndipo sindikulipeputsa. Wa kabaza amadya za tsiku lomwelo, ndipo amene akuyendetsa njinga ya bwana amayenera kupereka ndalama madzulo kaya wayenda kaya sadayende. Koma tawerengerani. Chitsulo, mabawuti ndi labala zidatidyera ndalama yosasiyana kwenikweni ndi ya malita ochepa a petulo, kuphatikiza theka la tsiku. Njira yachidule ija idadya masiku 5, mankhwala, dengu la tomato, lole yonyamula njinga ndi makasitomala. Ndipo kumeneko kudali kupulumuka. Sayilensa ikadagwera mkati n'kulowa m'masipoko, kapena kutsogolo kukadazuka paipi n'kubaya pansi, tikadakamba za maliro a anthu atatu.

Wowotcherera woyamba uja sindimuikira mlandu wonse. Adapanga zimene kasitomala wothamanga adalipira. Ifenso eni njinga timaima pambali n'kumati "fulumirani bwana, ndikuchedwa," ndipo timasankha wotchipa kusiya wofunsa mafunso. Komabe amisiri anzanga, dziwani kuti chimene mukumata panjinga chimakasenza moyo wa munthu amene simudzamuona. Geti ikathyoka imagwera pansi pabwalo. Njinga ya kabaza imathyokera pamsewu ili ndi mayi ndi mwana. Kukana ntchito yachidule n'kovuta pamene mnzako wa pafupi aivomera, koma dzina la mmisiri limamangidwa ndi ntchito zimene sizidabwerere.

Kunena zoona, ekizozi ya ku fakitale ndiyo yoyenera njinga ya ntchito. Idayesedwa pamodzi ndi injini ndi kabuleta yake. Yaphokoso ija siionjezera liwiro loti mungalione pa injini yaing'ono chotere, ndipo poti utsi umatuluka momasuka, nthawi zina injini imalandira mafuta ochepa poyerekeza ndi mpweya n'kumatentha kwambiri. Mukasintha ekizozi, masulani pulagi pakatha masiku angapo. Ikakhala yofiirira ngati khofi wamkaka zili bwino, ikayera mbee pitani kwa makaniko akonze kabuleta. Sindiletsa mnyamata kukongoletsa njinga imene waikhetsera thukuta. Inenso ndidali mnyamata. Koma walira mvula walira matope: wasintha ekizozi, wavomera ntchito yoimanga moyenera.

Kwa inu okwera, musachite manyazi kuyang'ana mbali ya kumanja kwa njinga musadakwere. Mukaona sayilensa yomangidwa ndi waya, chingwe kapena chubu, dikirani njinga ina. Pokwera ndi potsika gwiritsani mbali ya kumanzere. Ndipo tsoka likagwa wina n'kupsa, thirani madzi ozizira aukhondo pabalapo kwa mphindi 20, chotsani nsalu imene siidamatirire, phimbani ndi kansalu koyera n'kupita kuchipatala. Mankhwala otsukira mano, dzira, oyilo wa injini ndi dothi zimangoonjezera matenda pachilonda. Matuza musawaboole.

Lamulungu lapitali mphwanga adapita ndi mayi ake kukaona mayi wopsa uja, atanyamula shuga ndi sopo. Chilonda chikupola koma chipsera chikhalapo. Mayiyo adawalandira bwino, ndipo akuti adaseka n'kunena kuti adzakweranso akadzaona ndi maso awo kuti chitsulo chija chavala malaya. Njinga ili pamsewu tsopano. Phokoso lidakalipo, nkhani imeneyo sitidagwirizanebe, koma sayilensa siigwedera.

Amene muli ndi njira ina yomangira imene yakutumikirani m'misewu ya kwanuko, lembani kalata kudzera kwa mkonzi, tiphunzirane. Mabuleki aja tikamba sabata yamawa.